Mbaniro yodzazira zipolopolo: kodi ndi yatsopano moti n'kulembetsa patenti?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, kwa bambo wina wowotcherera zitsulo, ndipo anawalembera pa foni ndi mphwawo. Apempha kuti dzina lawo lisatuluke. Ndaidula kuti ifupike, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndinagwirako ntchito pa famu ina ku Limpopo, ku South Africa. Bwana wanga anali mlenje wokhala ndi ziphaso, ndipo akaombera sankataya zigoba za zipolopolo, ankazidzazanso pa makina omangirira pa tebulo. Nditabwerera kumudzi ndinaganiza zopanga chida chogwira ntchito yomweyo koma chonyamula m'manja, chopana ngati alikate. Chili ndi zigwiriro ziwiri zazitali. Chili ndi kaloko kosalola kuti chitseguke mpaka utapana kufika pamapeto. Komanso mano ake amasinthidwa popanda bawuti, amagwidwa ndi kachitsulo kamene ndinadula ku sipuling'i ya galimoto, ndipo amadzikhazika okha pakati. Ku Angonia kuno ngakhale ku Tete mumzinda sindinaonepo chotere. Ndinatumiza kavidiyo pa gulu la WhatsApp la amisiri anzanga, wina n'kunena kuti ndithamange kukalembetsa patenti asanandibere. Kodi chida changachi n'chatsopano? Ndiyambire pati?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagulitse mbuzi zolipirira mapepala a patenti, chikalata cha boma choletsa ena kupanga chimene munthu watulukira. Ndisakuzungulitseni: ganizo lalikulu la chidacho, monga mwachifotokozera, si latsopano. Mwa zinthu zitatu mwatchulazo, ziwiri zinalipo kalekale, ndipo chachitatu chokha ndicho choyenera kuchitayira nthawi. Palinso nkhani ya lamulo la zida imene simunafunse, koma ndiyo ingakugonetseni m'chitokosi, choncho ndiikamba nayonso.

Tiyambe ndi mawu anu akuti ku Angonia ndi ku Tete simunachionepo. Ndikukhulupirira, ndipo ine ndemwe sindinachionepo pa msika uliwonse wa kuno. Koma a patenti safunsa zimenezo. Lamulo lathu la Código da Propriedade Industrial, limene linakhazikitsidwa ndi Decreto 47/2015 ndipo limayendetsedwa ndi Instituto da Propriedade Industrial (IPI) ku Maputo, limafuna zinthu zitatu: chinthucho chikhale chatsopano, chikhale ndi nzeru yoposa imene mmisiri wamba wa ntchitoyo akanaiganiza yekha, ndiponso chikhale chotheka kupangidwa n'kugwira ntchito. Pa choyambacho, muyeso wake ndi dziko lonse lapansi ndi zaka zonse zam'mbuyo. Chilichonse chimene anthu anachidziwapo lisanafike tsiku limene mwapereka pempho lanu chimawerengedwa, kaya chinalembedwa m'buku la Chijeremani, kaya chinajambulidwa m'kabuku ka malonda ka sitolo imene inagwa zaka 100 zapitazo, kaya chinangogwiritsidwa ntchito poyera anthu akuona. Zoti inuyo simunachione, kapena kuti munachiganiza nokha usiku muli gone, sizisintha kanthu. Anthu ambiri zimawapweteka akamva zimenezi, chifukwa amaona ngati akunenedwa kuti anaba. Ayi. Mukhoza kukhala kuti munachitulukira nokha moona mtima, koma wina anakuyambirirani.

Ndipo pa ntchito imeneyi anakuyambirirani kutali kwambiri. Zipolopolo za chigoba chachitsulo zitafala m'ma 1860 ndi m'ma 1870, mlenje wokhala kutali ndi sitolo, makamaka ku America, sankakwanitsa kugula zatsopano nthawi zonse, choncho makampani a mfuti eni ake anayamba kugulitsa zida zodzazira za m'manja. Winchester inali nazo zake kuyambira m'ma 1870. M'chaka cha 1884, John H. Barlow wa ku New Haven m'chigawo cha Connecticut analandira patenti pa chida cha zigwiriro ziwiri chopana ngati mbaniro, n'kuyambitsa kampani ya Ideal yochigulitsa. Kampani ya Lyman inatenga malonda a Ideal mu 1925, ndipo chida chija chinapitirira kusinthidwa mpaka kukhala chimene alenje amachidziwa kuti Lyman 310: zigwiriro ziwiri, bowo la mazinga, ndi timachubu tachitsulo tosinthika malinga ndi kukula kwa chigoba. Richard Lee wa ku Wisconsin anatulutsa Lee Loader mu 1958, kachida kolowa m'thumba kogwiritsa ntchito nyundo, ndipo pambuyo pake kampani yake inapanganso chopanira cha m'manja chosafuna tebulo. Masiku amenewo patenti ya ku America inkatha pakapita zaka 17, ndiye kuti ya Barlow inatha cha mu 1901. Patenti ikatha, nzeruyo imakhala ya aliyense. Mukhoza kuipanga popanda kupempha munthu, koma simungailembetsenso kuti ikhale yanu.

Ndiye ganizo lalikulu lija, loti makina a pa tebulo asanduke chida cha m'manja chopana, lachoka pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti mbiri inayenda chobwerera: za m'manja ndizo zinali zofala poyamba, makina a pa tebulo onga amene munawaona ku Limpopo anadzafala pambuyo, anthu atafuna mphamvu yochuluka ndi liwiro.

Pali mlandu wina umene ndimakonda kuuza amisiri, chifukwa umaonetsa kuti chinthu chaching'ono bwanji chikhoza kugwetsa patenti yaikulu. Amuna awiri a ku California, Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer, analembetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 thabwa loyandama pamadzi lokhala ndi thanga logwira ndi manja. Malonda anakula, ndalama zinalowa. Atasumira kampani ina ku England m'ma 1980 kuti ikuwabera, kunapezeka kuti mu 1958 mnyamata wa zaka 12, Peter Chilvers, anakhoma chinthu chonga chomwecho n'kumaseweretsa pa gombe la Hayling Island anthu akuona. Sanalembe buku, sanagulitse, sanalembetse kanthu. Khoti linati zimenezo zikuwerengedwa, ndipo patenti ija inagwa ku England. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri kwa inu. Mmisiri wosadziwika wa kwina kwake akhoza kukutsekerani njira. Koma inunso, ndi kavidiyo kanu kaja, mwatsekera kale njira aliyense amene angafune kulembetsa zimene zikuoneka m'menemo. Mantha a mnzanu uja akuti akuberani ali ndi malire: munthu sangalembetse movomerezeka chinthu chimene chinaonetsedwa kale poyera, ngakhale atanama bwanji, bola umboni wa tsiku ulipo.

Tsopano tione mmene ounika amayezera, chifukwa apa ndi pamene pali mpata wanu ngati ulipo. Patenti siteteza chida chimene chili pa benchi lanu. Imateteza mawu amene mwalemba kumapeto kwa pempho, m'ndime zimene pa Chipwitikizi amati reivindicações, mmene mumanena kuti changa ndi ichi, chokhala ndi chakuti, cholumikizidwa mwakuti, chogwira ntchito mwakuti. Ndimezi zili ngati malire a munda. Mukaloza kuti dambo lonse ndi lanu, eni minda akale adzatuluka ndi mboni zawo ndipo mudzachoka wopanda kanthu. Mukaloza kandime kamene palibe anakalimapo, akupatsani, koma ndi kandime basi, ndipo woyandikana nanu akhoza kulima mpaka m'mphepete mwake osakulakwirani.

Wounika amatenga ndime yanu yoyamba n'kuiphwanya m'zigawo. Kenako amafunafuna chikalata chimodzi chakale, kapena chida chimodzi chakale, chimene chili ndi zigawo zonsezo pamodzi. Akachipeza, nkhani yatha, si chatsopano. Akapeza kuti chigawo chimodzi chikusowa, mwadutsa chipata choyamba. Pa chipata chimenechi saloledwa kutola zigwiriro m'buku ili, loko m'buku ilo, n'kuzisonkhanitsa. Ndiye n'zotheka ndithu kuti chida chanu, ndi zinthu zake zitatu pamodzi, sichipezeka m'chikalata chimodzi. Musasangalale msanga. Pa chipata chachiwiri, cha nzeru yoposa ya mmisiri wamba, kusonkhanitsa kuja kumaloledwa. Funso limakhala lakuti: munthu wodziwa bwino ntchito ya zopanira, ataikiridwa patsogolo zonse zimene zinalipo kale, kodi sakanafika pomwepa popanda kuvutika? Zopempha zambiri za amisiri zimafera apa, osati pa chipata choyamba.

Tiyese ndi zanu zitatu. Zigwiriro ziwiri zazitali takambapo kale. Kutalikitsa chigwiriro kuti mphamvu ichuluke aliyense wosula amakudziwa, ndipo kusintha kukula kokha sikupatsa munthu patenti.

Kaloko kosalola kutseguka mpaka utapana kufika pamapeto ndi nzeru yabwino, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mumakanyadira. Koma pitani kwa wamagetsi aliyense wogwira ntchito za m'migodi ku Moatize, mumupemphe akuonetseni chopanira chimene amamangira timitu ta waya. Mudzamva kakulira kuti tche tche tche pamene akupana, ndipo akalekera panjira chimakana kutseguka mpaka amalize. Cholinga chake n'chimodzimodzi ndi chanu: kuti kupana kulikonse kufike pa muyeso umodzi, kaya dzanja latopa kaya ayi. Zopanira zoterezi zakhala zikugulitsidwa kwa zaka makumi ambiri. Mudzati koma icho n'cha waya, changa n'cha zipolopolo. Wounika adzayankha kuti vuto ndi limodzi, njira yake ndi imodzi, ndipo mmisiri wofuna kupana mofanana akanayang'ana kumeneko. Kusamutsa nzeru yodziwika kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina yoyandikana nayo kawirikawiri sikukwanira, pokhapokha kusamutsako kutabala chinthu chimene palibe akanachiyembekezera.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa alikate yokhoma yokha imene muli nayo m'bokosi lanu ili ndi mbiri yokulimbitsani mtima. Anaitulukira ndi wosula zitsulo ngati inu, William Petersen, wochokera ku Denmark, amene ankakhala m'katauni kakang'ono ka DeWitt ku Nebraska. Ankafuna chogwira chitsulo kuti dzanja lake lipume, ndipo patenti ya chokhomera chake inatuluka mu 1924. Mbaniro zinalipo zaka zikwi zambiri iye asanabadwe, ndipo sananene kuti watulukira mbaniro. Analoza kanjira kamodzi kokhomera, ndipo pa kanjira kameneko panamangidwa fakitale imene inadyetsa tauni yonse kwa zaka zambiri. Kachitsulo komasulira kamene timadina lero kanadzawonjezedwa mu 1957. Zida zambiri zimakula motero, kachidutswa kamodzi pa nthawi.

Chachitatu chanu ndicho chandikhazika pansi. Mano osinthika pa okha si atsopano. Lyman 310 imasintha timachubu take, zopanira za amagetsi zimasintha mano, ndipo kampani ya Lee ili ndi njira yosinthira mwachangu yongopotoza pang'ono. Koma mwanena zinthu ziwiri pamodzi: kuti kachitsulo kamodzi kosongoka kuchokera ku sipuling'i kamagwira mano popanda bawuti, ndiponso kuti kachitsulo komweko kamawakhazika pakati okha. Ngati chidutswa chimodzi chikugwiradi ntchito ziwirizo chifukwa cha mmene mwachipindira ndi mmene mwasemera mpata wake, pamenepo pakhoza kukhala kanthu. Zoti chinachokera ku sipuling'i ya galimoto musazitchule ngati nzeru. Chitsulo chofwamphuka ndi chitsulo chofwamphuka, kaya mwachitola kwa makanika kaya mwachigula. Chofunika ndi kaumbidwe kake: chapindika pati, chikukhudza mano mbali ziti, n'chifukwa chiyani mano sapendekeka mukapana mwamphamvu. Mukatha kufotokoza zimenezo pa pepala moti mmisiri wa ku Domwe amene sanachionepo achipange osakufunsani, muli ndi chinthu choti n'kufufuza.

Apa kavidiyo kaja kalowa. Gulu la WhatsApp limene anthu ake sanalonjeze kusunga chinsinsi limatengedwa ngati bwalo. Zilibe kanthu kuti alimo ochepa, kapena kuti ena sanatsegule n'komwe. Chofunika n'chakuti akanatha kuona n'kutumiza kwina popanda choletsa. Kufufuta lero sikubweza zimene zinachitika. Ku America mwini nzeru amapatsidwa chaka chimodzi kuchokera tsiku limene waulula yekha kuti apereke pempho. Ku Ulaya chifundo chotere kulibe, kupatula ngati wina anaulula mokuberani kapena munaonetsa pa chionetsero chachikulu chovomerezeka, ndipo apo ndi miyezi 6 yokha. Dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake, ndiye lembani tsiku lenileni limene munatumiza, ndipo likhale chinthu choyamba kuuza aliyense amene adzakuthandizeni mapepala.

Komabe muonereninso kavidiyoko mofatsa ndi mphwanu. Chimene chaululidwa ndi chimene munthu angachione n'kuchimvetsa moti n'kuchipanga. Ngati mu vidiyomo mukungopana ndi kumasula, dzanja lanu litaphimba mutu wa chidacho, ndipo kachitsulo kaja sikakuoneka mmene kakhalira m'kati, ndiye kuti mwaulula zigwiriro ndi loko, zimene zinali zakale kale, koma chinsinsi chenicheni chikadali chanu. Ngati munachimasula n'kuyandikitsa kamera mukufotokoza monyadira, monga timachitira tonse tikapanga chinthu chokoma, nkhani yavutirapo. Mulimonsemo, kuyambira lero musaonetsenso, musagulitse, musabwereketse, ndipo musapite nacho ku msika kukasimbira anzanu.

Kufufuza n'kwaulere ndipo mphwanu akhoza kukuchita pa foni yomwe analembera kalatayi. Pali Google Patents, pali Espacenet ya ofesi ya patenti ya ku Ulaya, palinso Patentscope ya bungwe la WIPO la ku Geneva. Kusaka ndi mawu okha kumasokeretsa, chifukwa chinthu chimodzi anthu amachitchula mosiyanasiyana, ndipo zikalata zakale kwambiri mawu ake sawerengeka bwino pa kompyuta. Njira yabwino ndi kusaka ndi manambala a magulu, poti patenti iliyonse imaikidwa m'gulu la ntchito yake. F42B 33/10 ndi gulu la zokonzanso zigoba zogwiritsidwa kale ntchito. F42B 33/04 ndi la zoika ndi kuchotsa kadiso koyatsira onga. B25B 7 ndi la alikate ndi mbaniro zamitundumitundu, ndipo kwa inu gulu limeneli ndilo lofunika kuposa awiri oyambawo, chifukwa mano osinthika ali mmenemo ambirimbiri. Chingerezi chisakuopseni. Patenti za zida zimakhala ndi zojambula zoonetsa chidutswa chilichonse ndi nambala yake, ndipo diso la mmisiri limawerenga chojambula msanga kuposa la loya. Mukhale pansi madzulo angapo, mphwanu azitembenuza masamba, inu muziyang'ana zithunzi. Mukapeza chofanana, onani m'munsi mndandanda wa patenti zina zimene chinatchula ndi zimene zinachitchula, muzitsatire. Ngakhale mutapeza kuti anakuyambirirani, mudzatuluka mutaphunzira njira makumi angapo zogwirira mano a mbaniro, zambiri mwa izo patenti zake zinatha ndipo muli ndi ufulu wozipanga mawa lomwe.

Tsopano nkhani imene simunafunse. Patenti si chilolezo chopangira chinthu. Imangokupatsani mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kulowetsa m'dziko chimene mwalembetsa. Kaya inuyo mukuloledwa kuchipanga, limanena ndi lamulo lina. Kuno kwathu zida ndi zipolopolo zili pansi pa Regulamento de Armas e Munições, Decreto 8/2007, ndipo kupanga, kusunga kapena kugulitsa zinthu zimenezi kumafuna chilolezo cha boma kudzera kwa apolisi. Bwana wanu wa ku Limpopo ankadzaza zipolopolo zake chifukwa lamulo la ku South Africa, Firearms Control Act la mu 2000, limalola mwini chiphaso kudzaza za mfuti yake yomwe ili pa chiphasocho. Chilolezo chimenecho chinali chake, cha dziko lake, ndipo sichinawoloke nanu malire. Wapolisi akapeza m'shedi mwanu muli zigoba, onga, ndi chida chimene inu mwini munajambulitsa mukunena kuti n'chodzazira zipolopolo, sadzafunsa za reivindicações.

Ndipo sitingawadzudzule kwambiri. Ife a ku Angonia ndi Tsangano tikudziwa chimene mfuti inachita kuno, pamene midzi yathunthu inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Mu 1995 a Conselho Cristão de Moçambique, bungwe la mipingo ya Chikhristu, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, chifukwa zida zinali zitakwiriridwa paliponse. Dziko la mbiri yotere silingaone mbaniro yanu ngati chidole. Ndikupemphani kuti musayese chidacho ndi onga kapena ndi chipolopolo chamoyo, ngakhale kamodzi, ngakhale mnzanu wa gogodela atakukakamizani. Kupatula za lamulo, kadiso koyatsira kaja kamaphulika kakapanidwa molakwika, ndipo pa chida cha m'manja zala ndi maso zimakhala pafupi. Ngati mukufunadi kupitiriza mbali ya zipolopolo, khomo loyamba kugogoda ndi la apolisi a chigawo ku Tete, musanagogode la Maputo.

Tinene kuti zonse zayenda, kachitsulo kanu kapezeka kuti n'katsopano. Adzagula ndani? Patenti imagwira ntchito m'dziko limene yalembetsedwa basi. Ya ku Maputo imathera pa malire a Calomue. Munthu wa ku Dedza, kungowoloka msewu, akhoza kupanga chida chanu tsiku lonse osalakwa. Pali njira ya ARIPO, bungwe la ku Harare limene Mozambique inalowa mu 2000, kumene pempho limodzi la m'Chingerezi limatha kufikira mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Koma South Africa mulibe m'menemo, ndipo anthu odzaza zipolopolo zawo ali ku South Africa, ku America, ku Australia ndi ku Ulaya. Kuti mufike kumeneko pali Pangano la ku Paris limene limakupatsani miyezi 12 kuchokera pa pempho loyamba, kapena njira ya PCT, pangano lina la mayiko pa za patenti, imene imatalikitsa mpaka miyezi 30, koma kumapeto kwake dziko lililonse limafuna ndalama zake, loya wake, ndi chilankhulo chake. Patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, ndipo kuno kwathu imalipiridwa chaka ndi chaka. Mukaleka kulipira imafa. Wina akakuberani, boma silimuthamangitsa m'malo mwanu. Mumasuma nokha, ndi ndalama zanu.

Msika wa kuno ndiye kulibiretu. Alenje achilendo amene amabwera ku misasa ya m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa amabwera ndi zipolopolo zawo. Zigoba za mfuti zankhondo zimene anthu amatola m'minda nthawi zambiri ndi zachitsulo cholimba osati mkuwa, zokhala ndi kadiso koyatsira ka mtundu wa Berdan umene ngakhale odzaza enieni amaupewa, ndipo kukhala nazo kokha ndi kudziitanira mafunso. Ndiye mungawononge ndalama za ng'ombe zingapo kuteteza chinthu m'dziko limene mulibe wogula, pamene kumene kuli ogula simunateteze, komanso kuli makampani amene akhala pa ntchitoyi zaka zoposa 100.

Maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kuwakana. Nzeru yanu si ya zipolopolo. Ndi ya mbaniro ya mano osinthika opanda bawuti, ndipo zipolopolo zangokhala ntchito yoyamba imene munaiganizira chifukwa ndi imene munaiona ku famu. Taganizani amene amapana zinthu tsiku ndi tsiku kuno: anyamata oika masola amene amamanga timitu ta waya wa batire ndi nyundo ndi msomali, n'kumadabwa kuti waya akutentha, alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano amene mapaipi a pampu ndi a sipuleya amawamanga ndi mphira ya chubu, okonza njinga ndi njinga zamoto amene amafuna kupana kamutu ka waya wa buleki. Chida chimodzi cha mano atatu kapena anayi osinthika m'kanthawi kochepa, opanda bawuti yotayika m'fumbi, anthu amenewa angachigule ndi metikali zawo, ndipo palibe wapolisi angakufunseni. Ngati mudzalembetse, ndime yanu yoyamba inene za mbaniro ndi kagwiridwe ka mano ake, osatchula ntchito imodzi yokha, kuti malire anu asapanikizike pachabe.

Pa chinthu chotere yang'ananinso chitetezo chaching'ono chimene lamulo lathu limatcha modelo de utilidade. Chinapangidwira zida ndi ziwiya zimene zakonzedwa kaumbidwe kuti zigwire ntchito bwino, chimafuna nzeru yocheperapo kuposa patenti, ndipo kuno chimakhala zaka 15, pamene cha ku ARIPO ndi zaka 10. Koma nachonso chimafuna kuti chinthucho chikhale chatsopano, ndiye kufufuza kuja ndi nkhani ya kavidiyo sizikuthawika. Mapepala a ku IPI amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo pali anthu ovomerezeka otchedwa agentes oficiais da propriedade industrial amene ntchito yawo ndi imeneyi. Ndime za malire zija musalembe nokha kapena kulembetsa kwa aphunzitsi a pafupi chifukwa choti amadziwa Chipwitikizi; liwu limodzi lowonjezera limatha kuchepetsa chitetezo chonse, ndipo mukapereka pempho simuloledwa kuwonjezeramo nzeru imene munaiiwala.

Pakali pano gulani kope, mujambule kachitsulo kaja mbali zonse ndi miyeso yake, mulembe tsiku, muliike m'sutikesi. Kopelo silikupatsani patenti, poti amapatsa amene wayamba kupereka pempho osati amene wayamba kuganiza, koma lidzathandiza wokulemberani ndipo ndi umboni wina akadzakutengerani mwachinyengo. Kenako yambani ndi gulu la B25B 7. Mukapeza chojambula chimene chikukudetsani nkhawa, mphwanu anditumizire nambala yake yokha, osati chithunzi cha chida chanu, ndipo ndidzakuuzani zigawo zimene chikalatacho chatenga kuti inu mufananitse nokha kunyumba.